A Matias ndi Galimoto Yolavula Moto

Ku Chidzolomondo, munthu akamagula feteleza n'kuyamba wapisa dzanja m'thumba kuti aone ngati pansi sanaikepo mchenga, anzake amamuseka kuti, "Wayamba za a Matias." A Matias eni akewo alipo, ndipo mawuwo sawapweteka. Amangoti, "Sekani, mudzathira mchenga m'munda."

Ndi bambo wamtali, woonda, wa imvi zam'mbali. Jekete lawo lakuda silichoka pathupi ngakhale dzuwa la Okutobala litang'amba nthaka. Akalowa m'nyumba ya munthu amakhala poti aziona khomo. Mlendo akawafunsa njira ya ku Furancungo, amayamba ndi iwo kumufunsa kuti wachokera kuti, ndi mwana wa yani, akukatani. Njirayo amadzamuuza pambuyo, ndipo amamuuza molondola.

Achinyamata amaganiza kuti a Matias anabadwa otero. Ayi. Nkhondo inawapeza ndevu zikungomera kumene. Anathawira ku Malawi atagwira dzanja la mlongo wawo wamng'ono, Dailesi, ndipo atafika pamtunda n'kucheuka anaona utsi wa nkhokwe za makolo awo. Amene analozera asilikali mudziwo anali munthu amene ankadya naye mbale imodzi. Dzina lake a Matias salitchula mpaka lero. Ku Dedza, kumsasa wa othawa nkhondo, anaphunzira kukonza njinga, ndipo sipanala yosintha kamwa imene anagula kumeneko akadali nayo. Atabwerera kwawo mu 1993 anapeza tchire lokhalokha. Mafuwa akuda okha ndiwo ankasonyeza pamene panali nyumba. Chiyambire pamenepo, zinthu ziwiri a Matias sazisekerera: munthu wachilendo ndi moto.

Udzu ukangoyamba kufiira, iwo amatenga khasu n'kulambula kuzungulira nkhokwe, khola la mbuzi ndi chigafa chowumitsiramo fodya, chawo ndi cha mlongo wawo yemwe. Amalambula mpaka dothi liyere ngati bwalo lopunthira nyemba. Ali ndi chizolowezi china chimene ana amachidziwa bwino: sasiya bowo lili yasa. Chigubu cha parafini chikataya chivindikiro, amatseka ndi chitsononkho. Botolo la mankhwala a fodya, chitsononkho. Nsungwi yosungiramo mbewu ya mpiru, chitsononkho. M'thumba la jekete lija simusowa chimodzi, ngakhale pakati pa dzinja chimanga chisanache.

A Dailesi amuna awo anamwalira kale. Ana awo anabalalika, pamudzi panatsala mmodzi, Benvinda. Choncho a Matias, monga mwini mbumba, ndiwo ankayang'anira zonse za khomo limenelo, ndipo Benvinda atabwera ndi mwamuna, iwo ndiwo anali nkhoswe.

Mwamunayo anali Luckson, wa ku Tsangano, kwawo kwa kachewere. Anabwera m'derali akunyamula matumba a anthu pa galimoto yake yakale yapikapu, ya mtundu wobiriwira umene unasuluka kalekale. Anakwatira, namanga nyumba pamudzi pa mkazi wake monga achitira mkamwini aliyense. Koma khasu silinali bwenzi lake. Mmawa anthu akamapita kumunda, iye amaoneka miyendo yokha, thupi lonse lili pansi pa galimoto.

"Mkamwini wamtundu wanji amene timamudziwira kumapazi?" ankatero a Matias.

Kunena zoona Luckson sanali munthu woipa. Anali mmodzi wa anyamata aja a manja oyabwa, amene akaona chinthu safuna kugona asanadziwe kuti m'kati mwake muli chiyani. M'kalasi ana otere amavuta, koma ndi omwewo amene amadzakonza mjigo ukafa. Mayi wapakati zikamuvuta, Luckson ankathamanga naye ku chipatala cha ku Furancungo osayamba wafunsa za gazolina. A Matias zonsezi ankaziona, koma ankati munthu wokoma mtima mofulumira chotero ali ndi chimene akubisa.

Tsiku lina madzulo, dzuwa litapendeka, a Matias ankachokera kudimba atanyamula mtolo wa nzimbe. Galimoto ya Luckson inatulukira pamtsetse wa kusukulu, ana akuithamangira m'mbuyo. Inalira mokweza, kenako kunamveka kuphulika, phuu! phuu! Kumbuyo kwake kunatuluka lawi lofiirira, lalitali ngati mkono wa munthu. Ana anakuwa ndi chimwemwe. A Matias sanadziwe kuti nzimbe anazitaya nthawi yanji. Anangozindikira ali chafufumimba m'ngalande, manja ataphimba mutu, monga ankachitira zaka zija.

Anyamata amene anali pagolosale anaseka mpaka kugwira nthiti. Sankadziwa chimene a Matias anamva m'kuphulikako. Luckson anaimitsa galimoto, nathamanga kukawadzutsa, akupepesa ndi kuwasasa fumbi pa jekete. Iwo anamukankha dzanja.

Mmawa mwake anapita kunyumba kwa Luckson, nakana mpando.

"Akamwini, tandionetsani chimene mwaika m'galimotomu."

Luckson anakondwa, poganiza kuti akuluwo achita chidwi. Anagwada kumbuyo kwa galimoto. "Si mankhwala ayi, atsibweni. Ndinaona pa telefoni anyamata akunja akupanga, ndiye ndinati nanenso ndiyese. Taonani. Paipi ya utsi iyi ndaiboola kumapeto kuno, ndawotchererapo nati. Pa natipo ndamangapo vela, kachitsulo kaja kamathetheka moto mu injini. Waya uyu akupita kutsogolo, ku batani limene lili pafupi ndi chiwongolero. Ndikaponda mafuta kwambiri n'kudina batanilo, gazolina wosapsa amatsika m'paipi, vela n'kuthetheka, basi moto uwo!"

"Ndiye galimoto imathamanga kuposa kale?"

"Ayi."

"Imamwa mafuta pang'ono?"

"Imamwa kwambiri, atsibweni."

"Kapena imanyamula matumba ochuluka?"

"Ayi ndithu."

"Nanga ntchito yake n'chiyani?"

Luckson anakanda m'mutu. "Kukongola basi. Bonitu."

A Matias anabwerera kwawo mtima uli m'mwamba. Munthu wa banja, wa mwana wakhanda, angamawotche mafuta chifukwa cha kukongola? Apa panali china. Mwina lawilo linali chizindikiro kwa akuba ng'ombe, kuti adziwe kuti amuna a pamudzi achoka. Mwina linali la atsikana a ku Furancungo. Mwinanso mnyamatayo ankafuna kuti akulu a pamudzi azimuopa. Anayamba kumulondalonda. Akamva injini ankatuluka n'kuima kuseri kwa nkhokwe kuona kuti wakwera ndi yani. Anafunsa ogulitsa gazolina wa m'mabotolo kuti Luckson amacheza ndi anthu otani. Sanapeze kanthu, ndipo kusapeza kanthuko kunangowonjezera chikayiko chawo.

Pakali pano dzina la Luckson linabuka. Akwati ankamuitana kuti awatsogolere pochoka kutchalitchi. Timu ya mpira ikapambana, galimoto yolavula moto ndiyo inkainyamula. Koma nyengo inali ikusintha. Juni anatha, udzu unauma gwa, mphepo yozizira inayamba kuwomba, ndipo m'zigafa munali mutadzaza fodya wouma amene anthu ankasankha ndi kumanga mabelo.

A Matias anaitanitsa Benvinda. "Ukawauze amuna akowo achotse chinthu chija. Mudzi uno unapsapo kale."

"Ndawauza, atsibweni. Akuti pafupi ndi nyumba kapena chigafa sadina. Amadinira pamsewu poyera."

"Akuti, akuti. Iwe unalowamo m'mutu mwawo?"

Lamlungu lotsatira a Matias anati bondo likuwawawa, kutchalitchi sapita. Anadikira mpaka nyimbo zitayamba kumveka patali, mudzi uli zii, nkhuku zokha zikupalasa. Anatenga sipanala yawo ya ku Dedza, napita pansi pa mtengo wa mango pamene Luckson ankaimika galimoto. Anagona chagada, nasolola waya, namasula vela ija, naiika m'thumba la jekete. Atati adzuke anaona bowo la pa nati lili yasa, waya ali lende. Manja awo anachita zimene anazolowera. Anatulutsa chitsononkho, nachisongola pang'ono ndi mpeni, nachipotokolera m'bowomo mpaka chinagwira nga, navekapo kachipewa ka labala ka kumapeto kwa waya kuti asalendewere. Munthu woyang'ana mothamanga akanati zonse zili m'malo. Tsiku limenelo a Matias anadya bwino.

Lolemba Luckson analawirira kukatenga chimanga cha anthu kumapiri. Galimoto inakwera ndi kutsika mitunda itasenza katundu wolemera. Chakumasana anafika pa chigafa cha apongozi ake, a Dailesi, nabwerera chambuyo mpaka pakhomo pake kuti akweze mabelo amene anali atamangidwa kale, apite nawo kumsika wa fodya. Anakweza, nanyamuka ulendo wa ku Furancungo. A Dailesi anatenga ndowa n'kupita kumjigo.

Pobwera kumjigoko anaona utsi. Fodya wouma sachedwa. Mphepo ija inangokankha kamodzi, denga laudzu linagwira, ndipo amuna asanafike ndi nthambi zaziwisi chigafa chonse chinali lawi limodzi. Fodya amene anali asanasankhidwe, wochuluka kuposa amene anapita kumsika, anapsa yense. A Dailesi anakhala pansi pafumbi, ndowa ili pambali, osalira n'komwe.

Anthu anazungulira phulusa naona chinthu chimodzi. Malo amene a Matias analambula anali oyera monga kale, ndipo udzu wa kunja kwake sunapse. Motowo sunachokere kutchire. Unayambira m'kati, pakhomo, pamene panali zinyenyeswa za fodya ndi masaka. Pomwepo panali zidindo za matayala.

Luckson anabwera dzuwa likulowa, napeza gulu likumudikira.

"Ine sindinadine batani pano!" anatero. "Ndingadine bwanji pachigafa cha amayi? Ndiponso lero chinthucho sichikugwira ntchito. Ku Furancungo ana anandipempha pabwalo la mpira, ndinadina, palibe chinatuluka. Nditasuzumira ndapeza vela palibe. Wina wachotsa."

Anthu anaseka kuseka kowawa.

"Wina wachotsa! Mfiti za masiku ano zikuba ma vela?"

"Wachotsa yekha panjira atamva kuti kwapsa."

"Tinanena ife, moto suseweretsa."

Ena amene ankavina m'mbuyo mwa galimoto pa maukwati ndiwo anali patsogolo kulalata. Mayi wina analumbira kuti anamva kuphulika ali kumunda. Pofika mmawa anali atatu amene analiona lawilo ndi maso awo.

A Matias anali pomwepo, dzanja lili m'thumba, zala zikugwira vela yozizira. Mumtima ankadziuza kuti makaniko sasowa vela. Mnyamatayo ayenera kuti anaona kuti yachotsedwa, naikapo ina, nadina, kenako naichotsanso kuti abise mlandu. Zinkamveka bwino. Ndiponso, kodi si zomwe iwo ankanena kuyambira kale?

A Dailesi anabwera kwa mlongo wawo m'mamawa, maso atatupa. "Achimwene, inu ndinu mwini mbumba. Munaona patali, ine ndinali wogona. Itanani ankhoswe ake adzatenge munthu wawo. Pamudzi pano sindikumufuna."

A Matias anaimbira a Justino, malume ake a Luckson, ku Tsangano. Anagwirizana kuti adzafike Loweruka. Luckson anauzidwa kuti galimoto isayende m'mudzi mpaka nkhaniyo itakambidwa. Inangokhala pansi pa mango paja, ana akuizungulira chapatali ngati galu wolusa.

Lachinayi Benvinda anabwera kwa malume ake, mwana ali kumbuyo. Anagwada pakhonde.

"Atsibweni, banja langa likutha Loweruka."

"Sindine ndinayatsa moto."

"Sindikunena zimenezo. Koma chikundidabwitsa chinthu chimodzi. Inu feteleza simugula musanapise dzanja. Mbuzi mumaiyang'ana mano ngakhale mwini wake ndi m'busa wa mpingo. Mlendo wongofunsa njira mumamufunsa dzina la agogo ake. Nanga bwanji nkhani iyi mwangoimeza osatafuna? Galimoto ili apo. Mwapitako kukaona?"

A Matias anamuyang'ana. Mwana wa kumbuyo uja anali akuyamwa chala, akuwayang'ananso.

"Pita kwanu," anatero. "Dzuwa likumuwotcha mwanayo."

Mawu a Benvinda aja anawalasa pamalo pamene amadzitamira. Masana, anthu ali kumadimba, anapita pansi pa mango. Anagonanso chagada pamalo omwe aja. Waya anali lende, kachipewa ka labala katasungunuka mbali imodzi. Chitsononkho panalibe. Koma m'bowo la nati munali mutatsalira kanthu kakuda, kozungulira ngati mphete. Anakatokosa ndi kamtengo, kachidutswa kanagwera pachikhatho. Anali makala opepuka, ndipo ankaonekabe timaenje tija timene mumakhala maso a chimanga. Mizere ya natiyo inali yodzaza makala okhaokha.

A Matias anakonzapo njinga zaka zambiri, ndipo ankadziwa kuti bawuti ikalowa pa nati imakokolola zonse za m'mizere. Vela ina ikanamangidwa pamenepo, makalawo sakanatsala. Chichotsereni iwo vela ija Lamlungu, palibe china chinalowapo koma chitsononkho chawo. Luckson ananena zoona.

Anakhala chigonere pansi pa galimoto, akuyang'ana dzimbiri. Nanga chitsononkho chonsecho chinagwera kuti, ndipo chinagwa chili bwanji?

Munthu wina akanalekera pomwepo. Koma a Matias sakhulupirira ngakhale maganizo awo omwe. Ankati utsi ndi utsi chabe, sungayatse kanthu. Anadzuka, nasasa jekete, napita kuchigayo cha Luís kumsika. Kuseri kwa chigayocho paipi ya injini imatulukira pakhoma, ikulavula utsi. Anatulutsa chitsononkho m'thumba, nachibaya pa kawaya, nachigunditsa kukamwa kwa paipiyo.

Luís anasuzumira pazenera, nkhope ili mbuu ndi ufa. "Madala, mukuwotcha chimanga chopanda maso? Njala yake yafika pamenepo?"

"Gaya ufa wako."

Anaimirira nthawi yaitali, mkono mpaka kutopa. Chitsononkho chinayamba kufiira, kenako kuda, kenako kununkha. Atachichotsa sichinkayaka lawi ayi. Chinkangofuka pang'onopang'ono. Anachiuzira, ndipo pakati pake panaoneka kadiso kofiira. Anachiika pansi pa masamba ouma a chimanga amene anali pomwepo. Mphepo inadutsa. Masambawo anagwira.

A Matias anaupondaponda motowo ndi nsapato mpaka unazimiratu, napondanso kachiwiri. Anatola chotsala cha chitsononkhocho n'kuchiika m'thumba momwe munali vela. Pobwerera kumudzi anthu anawapatsa moni, iwo osamva.

Lachisanu sanatuluke m'nyumba. Palibe anawaona Lamlungu lija. Akanangokhala chete, mkamwini wa moto akanapita kwawo, mudzi ukanagona tulo, ndipo anthu akanapitiriza kunena kuti a Matias amaona patali. Koma maganizo awo ankangobwerera kwa munthu uja wa nthawi ya nkhondo, amene anachititsa kuti mudzi upse n'kumayenda pakati pa anthu ngati sakudziwa kanthu.

Loweruka a Justino anafika pa njinga yamoto, atavala chijasi chifukwa cha mphepo ya kumtunda. Anali bambo wonenepa, woyankhula mofatsa. Mphasa zinayalidwa pabwalo la a Dailesi. Luckson anakhala chapatali atazolika, Benvinda kumbali ina ndi amayi ake. Anthu a m'mudzi anadzaza m'mbali ngati sakumvetsera.

A Justino anayamba ndi kupepesa. Anati mwana wawo ndi wopulupudza kuyambira ali wamng'ono, anaphwasulapo wailesi ya bambo ake kufuna kuona anthu oyankhulamo. Anati ngati eni mudzi atopa naye, iwo sangakakamize.

A Dailesi anati, "Tatopa naye."

Onse anatembenukira kwa a Matias kuti amange nkhani. Iwo anapisa dzanja m'thumba, natulutsa vela, naiika pamphasa. Anatulutsanso chitsononkho chopserera chija, nachiika pambali pake.

Luckson anadzutsa mutu. "Vela yangayo!"

"Ndi yanu, akamwini. Ndinachotsa ndine, Lamlungu, inu muli kutchalitchi. Pabowo pake ndinatsekapo chitsononkho." Anafotokoza zonse mwadongosolo, za makala a pa nati ndi za kuchigayo, mawu awo osakwera osatsika. "Sindinachione chikugwa ndi maso anga. Koma galimoto imeneyi tsiku lija sikanalavula moto, ndipo chinthu chokhacho chimene chikanagwa chikufuka pakhomo la chigafa ndinaikapo ndine."

Mayi uja anamva kuphulika ali kumunda anayamba kumanga bwino mpango wake.

"Chitsononkho," anatero a Dailesi, ngati akulota. "Achimwene, chitsononkho? M'paipi ya moto? Inu amene mumandikalipira ndikasiya mbaula pakhonde?"

"Ine ndemwe."

"Ndiye masiku onsewa ine ndikutukwana mwana wa eni, inu muli phee ndi chinthucho m'thumba!"



Apa a Justino anakhala tsonga, ndipo kufatsa kuja kunachepa. "Tamva. Tikuthokoza kuti mwanena, ena sakananena. Koma tsopano ndi ife tili ndi funso. Mwana wathu ali bwino pamudzi pamene akulu amakwawira pansi pa galimoto yake iye akupemphera? Lero ndi vela. Mawa adzamasula mabuleki. Ife tikuona kuti kuli bwino timutenge, pamodzi ndi mkazi wake ndi mwana. Akakhale chitengwa ku Tsangano. Malo aliko."

A Dailesi anagwira mkono wa Benvinda. Ndiye mwana yekhayo amene anawatsalira pakhomo. Fodya anali atapita, tsopano mwana ndi mdzukulu. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, a Matias ndiwo anali wokayikiridwa, ndipo anaona kuti munthu zikamuchitikira alibe poyambira.

Amene anayankha anali Luckson. Anasendera pafupi, nagwada.

"Atsibweni a ku Tsangano, pepani ndilankhuleko. Nyumba ndinamanga kuno, njerwa ndinaumba ndekha. Sindikufuna kuchoka." Anatembenukira kwa a Matias. "Tsiku lija munagwera m'ngalande, anzanga anaseka, inenso ndinkaona ngati zatha ndi kupepesa. Benvinda ndiye anadzandiuza zimene munaona muli anyamata. Ndinayenera kuchotsa ndekha chinthucho tsiku lomwelo. Koma anthu akamakuimbira m'manja, makutu amatseka."

"Musandichotsere mlandu, akamwini. Chigafa ndawotcha ndine."

"Sindikukuchotserani. Mitengo ya chigafa chatsopano mukadula ndinu. Ine ndidzangonyamula."

Wina anaseka kumbuyo, ena n'kutsatira. A Justino anapukusa mutu, nati ana a masiku ano ukawamenyera nkhondo amakusiya wekha pabwalo. Koma anavomera, atanenetsa kuti adzabweranso kudzaona ngati mwana wawo akukhala mwamtendere.

Luckson anatola vela ija pamphasa, naitembenuza, naipereka kwa a Matias ndi manja awiri. "Muzisunga ndinu. Pabowo paja ndimangapo bawuti, yachitsulo, osati ya kumunda. Mvula ikagwa, udzu ukabiriwira, ndidzabwera kudzapempha."

Fodya wawo wa chaka chimenecho a Matias anamupereka yense kwa mlongo wawo. A Dailesi analandira, koma anakhala nthawi osawapatsa moni, ndipo mpaka lero akakangana pang'ono amangoti, "Chitsononkho," nkhani n'kuthera pomwepo. Chigafa chatsopano chinaimikidwa dzuwa lisanafike poipa. Anthu ankaona galimoto yobiriwira ikuchokera kuthengo itasenza mitengo, a Matias atakhala kutsogolo, maso ali pa batani lija ngakhale ankadziwa kuti vela ili m'thumba mwawo.

Sanasinthe kwenikweni. Feteleza amapisabe dzanja. Mmawa wina ndi wina amadutsa pansi pa mango, n'kuwerama kuona ngati bawuti ija ilipo. Luckson amawaona pazenera, n'kuwasiya.

Mvula yoyamba itagwa mu Novembala, timu ya mpira inali ndi masewero aakulu, ndipo anyamata anamuumiriza Luckson kuti akatenge vela. Anapita, nagwada pakhonde, napempha mwaulemu. A Matias anatuluka, nayang'ana kumwamba. Anapita kuseri kwa nyumba, nakumba dothi ndi chala kuona pamene chinyezi chafika. Anazula udzu wa m'mbali mwa msewu, naufikisa m'manja, naununkhiza.

"Pamwamba pokha ndi pamene panyowa," anatero. "Mubwere sabata yamawa, akamwini. Tidzaonenso."